Mwana wanga akungofuna mabuku a tianthu tamapiko: kodi ndimulande?

Funso

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7, ndipo chaka chino wayamba kudziwerengera yekha. Koma sakufuna buku lina lililonse kupatula a ma fairy, tianthu tamapiko tija tonyamula tindodo tamatsenga. Ndinawerengako awiri ndipo ndinaona kuti nkhani yake ndi imodzimodzi: atsikana awiri ogwirizana akuthandiza kamunthu kamapiko kupeza chinthu chimene chabedwa. Agogo ake akuti tikumuphunzitsa ufiti. Ineyo nkhawa yanga ndi yakuti akutaya nthawi ndi mabuku opanda phindu. Kodi ndimulande?

Mayi wa ana awiri

Yankho

Mayi, musamulande. Mwana wa zaka 7 amene akutenga buku yekha popanda womukakamiza wafika pamene makolo ambiri amalakalaka ana awo atafika. Komabe nkhawa ziwiri mwatchulazi si zachabe, ndipo n'zosiyana, choncho ndiziyankha padera. Ndiyamba ndi yanuyo.

Ife akuluakulu tinazolowera kuwerenga moti tinaiwala kulemera kwake. Mwana amene wangoyamba kumene amayenera kuzindikira zilembo, kuzilumikiza kuti zipange liwu, kusunga liwulo m'mutu mpaka chiganizo chithe, kenako kukumbukira kuti akulankhulayu ndani ndipo ali kuti. Zonsezi zimachitika nthawi imodzi, ndipo mutu wake umatopa msanga. Buku lachisanu la mndandanda umodzi limamupeputsira katunduyu. Mayina a atsikana aja akuwadziwa kale. Akudziwa kuti woipa ndani, akudziwanso kuti chinthu chibedwa ndipo chipezeka. Nzeru zimene zikanathera pofufuza zimenezi zimapita ku mawu enieniwo, ndipo liwiro lake powerenga limakwera. Chimene inu mukuchiona ngati kubwereza kotopetsa, kwa iye ndi njira yolambula kale, yoti athamangemo osapunthwa.

Kuchuluka kwa zimene mwana akuwerenga pa msinkhu uwu n'kofunika kwambiri. Mu 1986, katswiri wofufuza za kuwerenga, Keith Stanovich, anafotokoza mmene ana amasiyanirana. Amene akuwerenga mosavutikira amawerenga zambiri, akawerenga zambiri amadziwa mawu ambiri, ndipo mawu ambiriwo amachititsa kuti buku lotsatira limuphwekere. Amene akuvutika amalizemba buku, ndipo mpata pakati pa ana awiriwa umakula chaka ndi chaka. Mchitidwewu anautcha dzina lochokera mu Uthenga wa Mateyu, pamene pamati amene ali nazo adzapatsidwa zina. Mwana wanu ali mbali yabwino ya mpatawu, ndipo mabuku amene mukuwakayikirawo ndi amene akumusunga kumeneko.

Sindikunena kuti ndi mabuku apamwamba. Ambiri amalembedwa motsatira ndondomeko yokonzeratu. Chitsanzo chodziwika ndi mndandanda wa Rainbow Magic, umene unayamba kutuluka ku Britain mu 2003 ndipo mabuku ake anapitirira 200. Dzina la Daisy Meadows limene lili pachikuto si la munthu mmodzi, ndi la alembi angapo ogawana ntchito. Mitu yake ndi yaifupi, zithunzi zili pafupifupi tsamba lililonse, ndipo mutu uliwonse umathera pamalo poti mwana afune kutsegula tsamba lina. Ndi malonda ndithu, koma anawakonza akudziwa bwino zimene mwana wongoyamba kuwerenga angakwanitse. Mwana akamaliza yekha buku lonse, kuchokera pachikuto mpaka tsamba lomaliza, amayamba kudziona kuti ndi munthu wowerenga mabuku. Mukamulanda, adzaphunzira kuti zimene iye amakonda kuwerenga n'zochititsa manyazi, ndipo ana ena akaphunzira zimenezi amasiyiratu kutenga buku.

Tsopano za agogo. Ndikupempheni musawaseke, makamaka pamaso pa mwana. Akulankhula chifukwa chokonda mdzukulu wawo, komanso sakulakwitsa zonse. Kale ku Ireland ndi ku Scotland anthu ankawaopadi ma fairy. Sankawaona ngati tianthu tokongola touluka m'maluwa. Ankati ndi zamoyo zobisika zotha kuba khanda n'kusiyapo china m'malo mwake, kapena kusocheretsa munthu woyenda usiku. Tokongola tamapiko a gulugufe timene tadzaza m'mabuku a ana lero tinafala pambuyo pake, makamaka kudzera mwa ojambula zithunzi a ku England a zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mmodzi wa iwo, Cicely Mary Barker, anatulutsa buku lake loyamba la tianthu ta m'maluwa mu 1923. Zithunzi zake zambiri ankazijambula poyang'ana ana enieni a pasukulu ya mkaka imene mkulu wake ankayendetsa, ndipo iye mwini anali Mkhristu wodzipereka amene ankajambulanso zithunzi za m'tchalitchi.

Funso lenileni la agogo ndi lakuti, kodi mwana akamawerenga zimenezi sadzayamba kuzikhulupirira? Akatswiri a kaganizidwe ka ana anapeza kuti ana ambiri akamafika zaka 4 kapena 5 amasiyanitsa bwino zoyerekezera ndi zenizeni. Mwana amene akumwetsa chidole ndi kapu yopanda kanthu amadziwa kuti m'kapumo mulibe madzi. Jacqueline Woolley wa ku yunivesite ya Texas ndi anzake anachita kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2004. Anapeka munthu amene kulibe n'kumutcha Candy Witch, kutanthauza mfiti ya maswiti, ndipo anauza ana a pasukulu ya mkaka kuti munthuyu amabwera usiku wa Halloween, tsiku limene ana a ku America amayenda m'makomo kupempha maswiti, kudzatenga maswiti n'kusiya chidole. Makolo ena anasinthanitsadi maswitiwo ndi chidole ana ali mtulo. Ana ambiri anakhulupirira, ndipo mwa okulirapo, amene anapeza chidole kutacha ndi amene anakhulupirira kwambiri. Chimene chinagwira ntchito apa ndi mawu a akuluakulu amene ana amawadalira, pamodzi ndi umboni wooneka ndi maso. Nkhani ya m'buku la zithunzi zojambula ilibe mphamvu yoteroyo. Mwana akamva mawu akuti "kalekale" amadziwa kuti zimene zikubwerazo n'zopeka.

Choncho zimene mwana wanu adzakhulupirire zili kwambiri m'manja mwanu ndi mwa agogo ake kusiyana ndi m'manja mwa wolemba buku. Akakufunsani ngati tianthuti tilipodi, muuzeni zoona mosazungulira: kulibe, munthu anakhala pansi n'kupeka, wina n'kujambula. Muonetseni dzina la wojambulayo m'bukumo. Nkhani siisiya kukoma chifukwa mwana wadziwa kuti ndi yopeka.

Nthawi zina amene amasokonezeka ndi akuluakulu. Mu 1917, ku Cottingley m'dziko la England, atsikana awiri apachibale, Elsie Wright ndi Frances Griffiths, anadula tianthu tamapiko papepala, anatiimika ndi mapini n'kudzijambula nato ndi kamera. Arthur Conan Doyle, mlembi wotchuka wa nkhani za wapolisi wofufuza milandu Sherlock Holmes, anakhulupirira kuti zithunzizo n'zenizeni ndipo anazifalitsa m'magazini mu 1920. Atsikanawo anadzaulula mu 1983, atakalamba, ngakhale Frances anapitiriza kunena kuti chithunzi chomaliza mwa zisanu zimene anajambula chinali chenicheni. Amene anatenga masewera a ana n'kuwasandutsa nkhani yokhulupirira anali anthu aakulu, ophunzira bwino.

Pa za chikhulupiriro, banja lililonse lili ndi ufulu woika malire ake, ndipo ine sindingakuikireni. Ndingotchula kuti ena mwa alembi odziwika a nkhani zotere anali anthu opemphera. George MacDonald wa ku Scotland anali m'busa asanatchuke ndi nthano zake. C. S. Lewis, amene mabuku ake 7 a Narnia anatuluka pakati pa 1950 ndi 1956, ankalembanso mabuku oikira kumbuyo Chikhristu. J. R. R. Tolkien, Mkatolika wokhulupirika, anakamba nkhani ku yunivesite ya St Andrews mu 1939 yoikira kumbuyo nthano za mtundu uwu. Kusiyana koyenera kukuyang'anitsitsa ndi uku: pali buku lofotokoza nkhani, ndiye pali buku lolangiza mwana kuti achite iye mwini, anene mawu akutiakuti, aitane mzimu, kapena apweteke munthu amene wamulakwira. Lachiwirili ine sindingalipereke kwa mwana. M'loyambalo, matsenga ali m'gulu limodzi ndi nyama zolankhula za m'nthano zimene mitundu yonse ya anthu imakambira ana ake. Apempheni agogo kuti mdzukulu wawo awawerengere mutu umodzi mokweza. Akadzimvera okha kuti nkhani yonse ndi ya atsikana amene akubweza chinthu chobedwa kwa mwini wake, mwina mtima ukhala pansi. Ngati pali gawo limene likuwavutabe, alitchule, mukambirane za gawo limenelo m'malo mokangana za mabuku onse.

Pali funso lina limene simunafunse, ndipo kwa ine ndilo lalikulu posankha mabuku amenewa. Vuto likafika pachimake, amalithetsa ndani?

M'buku lofooka, zinthu zikafika povuta kamunthu kamapiko kamangogwedeza kandodo, basi zonse zakhala bwino. Anawo anangoperekeza. M'buku labwino matsenga amakhala ndi malire. Kandodo kabedwa, mapiko anyowa ndi mvula, mphamvu zimatha dzuwa likalowa, ndipo otsala kuti achitepo kanthu ndi ana wamba opanda mphamvu iliyonse yapadera. Ayenera kuganiza, kulowa pamalo pamene akupaopa, kunena zoona pamene bodza likanawapulumutsa. Matsenga amangokuza vutolo kuti lioneke bwino, koma wolithetsa ndi mwana. Izi n'zofunika chifukwa mwana wa zaka 7 amakhala m'dziko limene akuluakulu amamusankhira pafupifupi chilichonse: nthawi yogona, chovala, kumene apite. M'nkhanizi akumana ndi wina wamng'ono kuposa iye, wochepa ngati chala, amene akufuna thandizo lake ndipo sangapulumuke popanda iye. Ndikukhulupirira kuti apa mpamene pagona chikoka chachikulu cha mabukuwa, kuposa zonyezimira za pachikuto. Mabuku awiri munawerenga aja, abwerereni muone mutu womaliza. Ngati chobedwa chija chapezeka chifukwa mmodzi wa atsikanawo waganiza njira yanzeru, bukulo likugwira ntchito yake.

Yang'ananinso ubwenziwo. M'mabuku ambiri a mndandanda, atsikana awiri aja sakangana, sachitirana nsanje, ndipo nthawi zina simungadziwe kuti wanena mawuwa ndi uti. Ubwenzi wa ana enieni a msinkhu uwu suli choncho. Lero ndi a ponda apa nane m'pondepo, mawa wabwera wachitatu ndipo mmodzi akuuzidwa kuti "sitisewera nawe". Buku limene limalola mabwenzi kusiyana maganizo, wina kulakwira mnzake, kupepesa movutikira ndi kukhululukirana limamupatsa mwana mawu ofotokozera zimene zikumuchitikira kusukulu. Ana ambiri amene sangakuuzeni kuti anzawo akuwasala angathe kukamba kwa nthawi yaitali za kamunthu kamapiko kamene anzake anakasiya kokha. Mukamumva akubwereza gawo loterolo kawirikawiri, tcherani khutu, mwina akukamba za iye mwini.

Koma musasandutse macheza amenewa mayeso. Mwana akamaliza buku n'kupeza mafunso khumi akumudikira, amayamba kuwerenga mobisa. Funso limodzi lofunsidwa ndi chidwi chenicheni ndi lokwanira. "Ukanakhala iweyo ukanatani?" Kapena, "Iweyo ukuganiza kuti anaberanji?" Funso lachiwirili ndimalikonda chifukwa limamukokera mwana kwa woipa uja, amene m'mabuku ofooka amangokhala woipa popanda chifukwa. Mwana akayankha kuti mwina anaba chifukwa sanamuitane kuphwando, wayamba kuwerenga zimene sizinalembedwe patsamba, ndipo luso limeneli ndi limene adzalifune m'makalasi apamwamba.

Chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa m'mabuku ambiri a mtunduwu ndi zithunzi. Kawirikawiri abwino amajambulidwa okongola, ochepa thupi, a tsitsi lalitali, pamene oipa ndi onyansa, a mphuno zazikulu. Mwana amaphunzira m'zithunzi msanga kuposa m'mawu, ndipo angayambe kuganiza kuti nkhope imasonyeza mtima, kapena kuti kukongola kuli ndi maonekedwe amodzi okha amene iye alibe. Mu 1990, Rudine Sims Bishop, pulofesa wa ku America, analemba kuti mabuku a ana ayenera kukhala mawindo oonera anthu ena komanso magalasi oti mwana adzionerepo yekha. Mabuku a tianthu tamapiko a khungu ndi tsitsi losiyanasiyana alipo masiku ano, ndipo wogwira ntchito mulaibulale angakuthandizeni kuwapeza. Pamene simunawapeze, mupatseni pepala ndi makrayoni ajambule kake, kofanana ndi iye, akapatse dzina ndi ntchito.

Ndikuchenjezeninso pa chinthu china. Makolo ena akatopa ndi mabuku a mndandanda amathamangira ku nthano zakale za ku Ulaya poganiza kuti zakale ndiye zotetezeka. Nthano za Charles Perrault za mu 1697 ndi za abale awiri a Grimm za mu 1812 sizinalembedwe poganizira mwana wa zaka 7 wowerenga yekha usiku. Muli ana otayidwa m'nkhalango ndi makolo awo, muli zilango zankhanza, ndipo abale a Grimm eniakewo anapitiriza kusintha nthanozo mpaka kope lawo lomaliza la mu 1857. Zina za Hans Christian Andersen zimatha momvetsa chisoni kwambiri. Ndi nthano zolemera, ndipo mantha pang'ono m'nkhani si oipa ngati mwana ali pafupi ndi munthu wamkulu. Koma muziyamba mwawerenga nokha, chifukwa makope ake amasiyana kwambiri: lina n'lofewetsedwa, lina lili monga linalembedwera.

Nanga mungamukulitse bwanji popanda kumulanda? Njira imene ndimaidalira ndi yosavuta. Musiyeni adziwerengere yekha mabuku ake aja, koma inu musaleke kumuwerengera mokweza. Makolo ambiri amaleka mwana akangoyamba kudziwerengera, ndipo amataya mwayi waukulu, chifukwa pa msinkhu uwu mwana amamva nkhani zovuta kuposa zimene angathe kuwerenga yekha. Sankhani buku lalitaliko, la mawu olemera, la anthu a mitima yosiyanasiyana, muziwerenga mutu umodzi madzulo alionse. M'mabuku ake akulimbitsa liwiro, m'buku lanu akumva mmene nkhani yolembedwa bwino imamvekera. Mungayambirenso pa zimene amakonda kale. Mwana wokonda tianthu ta m'maluwa savuta kumukopa ndi buku la zoona zokhudza agulugufe, njuchi kapena mbalame. Ndipo ngati mabukuwa ali m'chinenero chimene si cha pakhomo panu, muzimupempha akufotokozereni nkhaniyo m'chinenero chanu. Mwana amene angathe kutero wamvadi zimene wawerenga.

Mng'ono wake kapena mlongo wake asatsalire. Ngati ndi mnyamata ndipo akufuna kumvetsera nawo, musamuuze kuti ndi mabuku a atsikana. Kupaka chikuto mtundu wa pinki ndi nzeru ya ogulitsa. Nkhani ya kulimba mtima ndi kuthandiza mnzako ndi ya mwana aliyense. Ndipo wamkuluyo akamawerengera wamng'ono mokweza, amazolowera kuwerenga momveka ndi kupuma pamalo oyenera.

Nyengo imeneyi imatha yokha. Tsiku lina adzatsegula buku latsopano la mndandandawo n'kunena kuti akudziwa kale mmene lithere, ndipo chisangalalo chija sichidzakhalapo. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti wawapitirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ana ena amafika pamenepa patapita miyezi, ena patapita zaka ziwiri. Chofunika n'chakuti tsikulo likadzafika, buku lokulirapo lidzakhale pafupi, makamaka limene munamuwerengerapo kale, chifukwa adzalilowa mosaopa.

Pali zinthu zochepa zimene zingandichititse kusintha yankholi. Ngati akulota zoopsa kapena akukana kugona yekha atawerenga buku linalake, liikeni padera bukulo mpaka akule, ndipo mumuuze chifukwa chake. Ngati wasiya kusewera ndi anzake n'kumangodzitsekera ndi mabuku, vuto mwina lili kusukulu, ndipo mabukuwo ndi pobisalira chabe. Kambiranani ndi aphunzitsi ake. Onetsetsaninso kuti akuwerengadi, chifukwa mwana wochenjera angathe kutsata nkhani yotere ndi zithunzi zokha. Tsegulani tsamba limene sanaliwerenge, muphimbe chithunzi, awerenge mokweza. Akakakamira pa mawu oposa asanu patsamba limodzi, bukulo lamukulira pakadali pano, ndipo ndi bwino muziwerenga naye mosinthana, iye tsamba limodzi inu lina. Ngati akusendeza buku pafupi kwambiri ndi nkhope, akudumpha mizere kapena akudandaula mutu akawerenga, pitani naye akamuyeze maso. Ndipo ngati chaka chikutha akuvutikabe kulumikiza zilembo ngakhale m'mawu amene wawaona kambirimbiri, pemphani aphunzitsi kuti amuunike bwino, chifukwa vuto la kuwerenga likadziwika msanga, thandizo limagwira ntchito kwambiri kusiyana ndi pamene mwana wakula nalo.